Aldolase ikakwera m'magazi: zimene nambalayo imanena ndi zimene sinena

Pa zinthu zimene madokotala amayeza m'magazi, aldolase, puloteni imene imapezeka m'kati mwa maselo a m'thupi, si yodziwika kwa anthu ambiri. Munthu amene wapita ku Mzuzu Central Hospital, ku St John's kapena ku Ekwendeni akudandaula za kufooka kwa thupi amayamba wayezedwa malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga, HIV ndiponso mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito. Aldolase imabwera pambuyo, pamene dokotala wayamba kukayikira kuti vuto lili m'minofu yeniyeniyo, ndipo popeza si labotale iliyonse imene imayeza zimenezi, nthawi zina magaziwo amatumizidwa kutali. Zotsatira zikabwera nambala ili pamwamba pa mlingo, pambali pake pali chilembo cha H kapena kanyenyezi, mwini pepalalo amagwidwa ndi nkhawa, makamaka akafufuza pa intaneti n'kupeza mayina a khansa ndi a matenda osachiritsika atandandalikidwa pamodzi. Nkhawayo ndi yomveka, koma nambala imeneyi payokha sitchula dzina la matenda alionse. Imangosonyeza kuti penapake maselo abooka n'kutaya zimene zinali m'kati mwake, ndipo ntchito yaikulu imakhala yodziwa kuti maselowo ndi a chiwalo chiti, abooka chifukwa chiyani, komanso ngati abookera m'thupi la munthuyo kapena m'kabotolo ka ku labotale.

Selo lililonse limapeza mphamvu pophwanya shuga wa glucose, ndipo ntchitoyi imachitika m'masitepe khumi otsatizana, sitepe iliyonse ili ndi enzaimu yake. Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi popanda iyo kutha. Aldolase imagwira ntchito pa sitepe yachinayi, pamene shuga wokhala ndi maatomu 6 a kaboni, wotchedwa fructose-1,6-bisphosphate, amadulidwa pakati n'kukhala zidutswa ziwiri za maatomu atatuatatu, zimene selo limapitiriza kuziphwanya mpaka litapeza mphamvu. Anthu ena akamva kuti aldolase imakhudzana ndi shuga amafulumira kuganiza kuti kukwera kwake ndi chizindikiro cha matenda a shuga, koma si choncho, ndipo kusiya tiyi wotsekemera sikungaitsitse. Ndi bwinonso kuonetsetsa zimene zalembedwa papepala, chifukwa pali chinthu china chotchedwa aldosterone, chimene ndi homoni yokhudzana ndi mchere ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo n'chosiyana kotheratu ndi aldolase ngakhale mayinawo akuyamba mofanana.

Aldolase ili mitundu itatu. Ya mtundu wa A imapezeka yochuluka kwambiri m'minofu yoyendetsa mafupa, mu mtima ndi m'maselo ofiira a magazi. Ya mtundu wa B ili m'chiwindi, mu impso ndi m'matumbo aang'ono, pamene ya mtundu wa C ili mu ubongo. Kuyeza kumene kumachitika nthawi zonse sikulekanitsa mitundu itatuyi, kumangopereka nambala imodzi, ndipo apa ndi pamene pamachokera chisokonezo chonse. Zili ngati kupeza ufa utatayika pansi m'nyumba yosungiramo matumba ambiri: ufawo ukusonyeza kuti thumba lina labooka, koma sukunena kuti ndi thumba liti, kaya lalumidwa ndi khoswe kapena lakodwa pa msomali.

Asayansi a ku Germany, Otto Meyerhof ndi Karl Lohmann, anatulukira enzaimu imeneyi mu 1934 pamene ankafufuza mmene minofu imapezera mphamvu. Mu 1949, John Sibley ndi Albert Lehninger a ku America anaona kuti aldolase imakhala yokwera m'magazi a odwala matenda ofota minofu ochokera kumtundu, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi inali njira yodalirika yoyezera kuwonongeka kwa minofu. Mu 1959, Setsuro Ebashi ndi anzake ku Japan anasonyeza kuti enzaimu ina, creatine kinase, imene pamapepala amangoilemba kuti CK kapena CPK, imakwera kwambiri pa matenda omwewo. CK inalanda malo chifukwa m'chiwindi ndi m'maselo ofiira mulibe yochuluka, choncho ikakwera imaloza minofu mosakayikitsa kwenikweni. Lero aldolase ndi yothandizira chabe, ndipo dokotala wodziwa ntchito yake saiwerenga popanda CK pambali pake.

Mlingo woyenera umasiyana malinga ndi labotale ndi njira yoyezera, koma kwa munthu wamkulu malabotale ambiri amaika pakati pa 1.0 ndi 7.5 U/L (mayunitsi pa lita imodzi) kapena pafupi ndi pamenepo. Ana amakhala ndi yochuluka mwachibadwa, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya wamkulu, ndipo makanda ongobadwa kumene amaposa pamenepo, kotero kuti mwana wa zaka zisanu amene wapezeka ndi 11 angakhale alibe vuto lililonse ngati mlingo umene wasindikizidwa papepalapo ndi wa akuluakulu. Kukula kwa nambala kulinso ndi tanthauzo. Munthu amene ali ndi 9, akuyenda bwinobwino, sali pamalo amodzi ndi amene ali ndi 60 ndipo akulephera kudzuka pampando.

Tisanafike ku matenda, pali zifukwa zingapo zimene zimakweza aldolase mwa munthu wabwinobwino, ndipo m'maganizo anga zimenezi ndi zimene ziyenera kufunsidwa poyamba, makamaka kuno kumene anthu ambiri amadya za thukuta lawo. Ntchito yolemetsa imang'amba pang'ono timinofu, ndipo ma enzaimu amatulukira m'magazi kwa masiku angapo. Wakabaza amene watsiriza tsiku akukwera zitunda za ku Zolozolo ndi ku Masasa atanyamula anthu, mayi amene wakhala akulima mizere mvula yoyamba itagwa, mnyamata amene wasewera mpira dzulo lake kapena wayamba kumene kunyamula zitsulo, onsewa angapezeke ndi nambala yokwera popanda matenda. Jakisoni wobaya m'mnofu, kaya wa malungo, wa penisilini kapena wa kulera, amavulaza maselo a pamalo pamene singano yalowa, ndipo zimenezi n'zokwanira kusintha zotsatira. Kugwa, kumenyedwa, opaleshoni ndiponso kugwa khunyu zimachitanso chimodzimodzi.

Chifukwa china chili pa katengedwe ndi kasungidwe ka magaziwo. Maselo ofiira ali ndi aldolase yochuluka kwambiri kuposa madzi a m'magazi amene amayezedwa, choncho maselowo akaphwanyika pokoka magazi ndi singano yopyapyala, pogwedeza kabotolo mwamphamvu kapena poasiya nthawi yaitali asanalekanitsidwe ndi madzi ake, aldolase imatayikira m'madziwo ndipo makina amawerenga nambala yabodza. Nkhani imeneyi ndi yofunika ku Mzuzu chifukwa magazi opita ku Lilongwe amayenda makilomita oposa 350, ndipo opita ku Blantyre kapena ku Johannesburg amayenda ulendo wautali kuposa pamenepo. Amafunika kuzungulitsidwa m'makina msanga kuti madzi alekane ndi maselo, kenaka n'kusungidwa pozizira. Malabotale ambiri amalemba papepala ngati madziwo anafika atafiira, ndipo mawu amenewo akakhalapo, nzeru ndi kuyezetsanso osati kuyamba mankhwala. Kuphwanyika kwa maselo ofiira kungachitikenso m'thupi momwemo, monga pa malungo aakulu kapena pa matenda a sickle cell, ndipo pamenepo aldolase imakwera minofu ili bwino.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu pankhani ya malungo. Tizilombo ta Plasmodium tili ndi aldolase yawo, ndipo tizipangizo tina toyezera malungo mwachangu ndi dontho la magazi a pachala tinapangidwa kuti tizigwira aldolase ya tizilomboto. Imeneyo si aldolase ya munthu, ndipo kuyeza kumeneko n'kosiyana ndi kumene tikukamba pano.

Zifukwa zosaopsazi zikachotsedwa, maso amatembenukira ku minofu, ndipo apa funso lofunika kwambiri ndi lakuti munthuyo akati wafooka akutanthauza chiyani. Kutopa, kusowa mphamvu zogwirira ntchito ndi kuphwanya m'thupi zimabwera ndi kuchepa kwa magazi, malungo, TB, nkhawa ndi zina zambiri. Kufooka kwa matenda a minofu n'kwamtundu wake: kumagwira ntchafu, chiuno, mapewa ndi khosi, mbali zonse ziwiri mofanana, pamene zala ndi mapazi zimakhalabe ndi mphamvu kwa nthawi yaitali. Munthuyo amalephera kudzuka akanjuta pachimbudzi popanda kugwira khoma, amavutika kukwera m'minibasi, satha kutukula ndowa kuti asenze pamutu, ndipo mayi amaona kuti manja akugwa okha akamapesa kapena kuluka tsitsi. Sipakhala dzanzi, chifukwa mitsempha yotumiza mauthenga ili bwino. Pa matenda amene vuto lili m'mitsemphayo kapena mu ubongo, monga sitiroko, zotsalira za poliyo ndi myasthenia gravis, aldolase kawirikawiri imakhala pa mlingo wake, ndipo kusiyanitsa magulu awiriwa ndi imodzi mwa ntchito zakale za kuyezaku.

Mwa akuluakulu, matenda amene madokotala amawaganizira kwambiri ndi aja amene chitetezo cha m'thupi chimaukira minofu ya mwini wake, makamaka polymyositis ndi dermatomyositis. Amayamba pang'onopang'ono, m'kati mwa milungu kapena miyezi. Dermatomyositis imakhudzanso khungu: zikope zimatupa n'kusintha mtundu, pamfundo za zala pamatuluka timabala tokhakhala, ndipo pachifuwa ndi pamapewa pamene dzuwa limawomba pamachita zidzolo. Mabuku ambiri a zachipatala amafotokoza zidzolozi kuti n'zofiirira, koma pa khungu lakuda zimaoneka ngati madontho oderapo kapena otuwa, kotero kuti n'zosavuta kuziphonya kapena kuzitenga ngati chikanga wamba. Matendawa akakula amagwira minofu yomezera, munthu n'kumatsamwa ndi phala, ndipo mwa ena amawononga mapapo n'kubweretsa chifuwa chouma ndi phuma.

Ndi pa matenda amenewa pamene aldolase imaonetsa phindu lake lenileni. Pali odwala ena amene ali ndi zizindikiro zonse, koma CK yawo ili bwinobwino, aldolase yokha ndiyo yakwera. Zimenezi zimaoneka pa dermatomyositis, pa matenda otchedwa antisynthetase syndrome amene amagwira minofu, mapapo ndi mfundo nthawi imodzi, komanso pa eosinophilic fasciitis, pamene kutupa kuli pa kakhungu kokuta minofu ndipo mikono ndi miyendo imauma ngati thabwa. Pa odwala oterewa kutupa kumakhala kwambiri m'zokutira za minofu kusiyana ndi m'kati mwa minofuyo. Dokotala amene wangoyang'ana CK angamuuze munthu wotere kuti alibe kanthu, ndipo miyezi ingapite akufookerafookera. Choncho aldolase yokwera mwa munthu wofooka m'ntchafu ndi m'mapewa si yonyalanyaza ngakhale zina zonse zitaoneka bwino, pamene yokwera pang'ono mwa munthu wamphamvu zake nthawi zambiri imabwerera yokha.

Mwa ana aamuna, nambala yokwera kwambiri imakumbutsa matenda a Duchenne, amene amagwira mnyamata mmodzi mwa anyamata pafupifupi 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Amachokera ku vuto la jini yopanga puloteni ya dystrophin, imene ili pa chromosome X, imene mnyamata amalandira kwa mayi ake, ndipo n'chifukwa chake kawirikawiri amadzera mwa mayi amene iye mwini sadwala, ngakhale kuti mwa ana ena jiniyo imasintha yokha popanda aliyense kumtundu amene anali nayo. Mwanayo amachedwa kuyenda, amagwaigwa, amayendera zala, akatumba a kumiyendo amaoneka akuluakulu koma opanda mphamvu, ndipo akafuna kudzuka pansi amayamba wagwada, kenaka n'kumadzikankha ndi manja pamawondo ndi pantchafu. Zizindikirozi zimayamba kuoneka ali ndi zaka ziwiri mpaka zisanu. M'mabanja ambiri zoterezi zimabweretsa kulozana zala ndi nkhani za ufiti, makamaka mnyamata wachiwiri akayambanso, pamene chifukwa chake chili m'magazi a kumtundu ndipo palibe amene analakwa. Chodabwitsa pa matendawa n'chakuti aldolase ndi CK zimakhala pamwamba kwambiri kumayambiriro, mwana akadali kuyenda, ndipo zimatsika zaka zikamapita chifukwa minofu yoti itulutse ma enzaimuwo yatha. Kutsika kotereku si kuchira.

Palinso kuwonongeka kwa minofu kwadzidzidzi kotchedwa rhabdomyolysis, kumene kumabwera munthu akapsinjidwa pa ngozi ya galimoto kapena khoma likamugwera, akamenyedwa koopsa, akachita masewera olimbitsa thupi opyola muyeso padzuwa osamwa madzi, kapena akagona pansi maola ambiri osatembenuka ataledzera kachasu. Minofu imapweteka ndi kutupa, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha puloteni ya myoglobin imene imatseka timachubu ta mu impso. Kuno mkodzo wofiira umaganiziridwa msanga kuti ndi likodzo, makamaka kwa amene amasamba kunyanja ku Nkhata Bay, kapena malungo aakulu, koma ukabwera pamodzi ndi ululu wa minofu komanso kuchepa kwa mkodzowo, munthu ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire madzi a m'diripi. Pa vuto lotere palibe chifukwa chodikira zotsatira za aldolase. CK, creatinine (imene imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito) ndi mchere wa potaziyamu ndi zimene zimatsogolera chithandizo.

Mankhwala nawonso amafunika kuwerengedwa. Mankhwala otsitsa mafuta m'magazi a gulu la statin, monga simvastatin ndi atorvastatin, amapweteketsa minofu mwa anthu ena, ndipo mwa ochepa kwambiri amaiwononga. Zidovudine, mmodzi mwa ma ARV akale, amadziwika kuti amafooketsa minofu akamwedwa nthawi yaitali, ngakhale kuti kuyambira mu 2019 akuluakulu ambiri m'Malawi anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Kachilombo ka HIV pakokha kangayambitsenso kutupa kwa minofu. Munthu asasiye ma ARV kapena mankhwala a mtima payekha chifukwa cha nambala ya papepala, koma atenge mabotolo ndi mapaketi onse, kuphatikizapo mankhwala azitsamba amene akumwa, akawaonetse dokotala. Mowa wambiri ndi kufooka kwa chithokomiro zimavulazanso minofu mwakachetechete, ndipo vuto la chithokomiro limachizika ndi mapiritsi likadziwika.

Mbali ya chiwindi imafuna kusamala kwake. Kutupa kwa chiwindi kobwera ndi mavairasi a hepatitis kumakweza aldolase, makamaka matenda akangoyamba. Hepatitis B ndi yofala m'dziko muno, ndipo katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu ambiri obadwa chaka chimenecho chisanafike sanatetezedwe ali makanda. Dokotala amasiyanitsa poyang'ana nambala zinzake: ma enzaimu a ALT, AST ndi GGT, komanso bilirubin, imene ikachuluka maso amachita chikasu. Ngati ALT, bilirubin ndi GGT zakwera pamene CK ili bwino, ndipo maso achita chikasu, vuto lili m'chiwindi. Ngati CK yakwera kwambiri, AST yaposa ALT, koma GGT ndi bilirubin zili pa mlingo, vuto lili m'minofu, chifukwa AST ndi ALT zimapezekanso m'minofu ngakhale anthu anazizolowera ngati za chiwindi. Pali odwala matenda a minofu amene amafufuzidwa chiwindi kwa nthawi yaitali chifukwa choti palibe amene anaganiza zoyeza CK.

Za khansa ziyenera kunenedwa mosabisa komanso mosakokomeza. N'zoona kuti aldolase imatha kukwera pa khansa ya chiwindi, ya prostate, ya m'magazi ndi zina zimene zafalikira m'thupi, chifukwa maselo a khansa amaphwanya shuga mofulumira ndipo amafa ambiri. Koma aldolase si njira yofufuzira khansa, ndipo si kawirikawiri kuti khansa idziwike koyamba kudzera mwa iyo popanda kuwonda, kutupa, kutaya magazi kapena ululu. Pamene khansa imafufuzidwa mwadala ndi pa munthu wamkulu, makamaka wopitirira zaka 40, amene watsimikiziridwa kuti ali ndi dermatomyositis, chifukwa matendawa nthawi zina amayenda limodzi ndi chotupa chobisika m'zaka zoyambirira. Mayi wotere amayezedwa mabere, khomo la chiberekero ndi thumba la mazira, ndipo onse amajambulidwa chifuwa ndi m'mimba.

Chimene munthu angachite akalandira pepala lotere chimadalira mmene akumvera m'thupi. Ngati nambala yangopitirira pang'ono ndipo palibe kufooka, njira yanzeru ndi kupuma ku ntchito zolemetsa pafupifupi mlungu umodzi, kupewa mowa, kuuza dokotala za jakisoni aliyense wa posachedwa, n'kuyezetsanso pamodzi ndi CK, AST, ALT ndi kuchuluka kwa magazi. Malabotale ena amapemphanso kuti munthu asadye kwa maola angapo asanatengedwe magazi. Kwa munthu wodalira kabaza kapena ganyu, mlungu wopuma ndi ndalama zotayika, komabe ndi zochepa poyerekeza ndi ulendo wa ku Lilongwe wokayezetsa zinthu zimene sizinali zofunika. Ngati nambala ikhalabe pamwamba, kapena pali kufooka kwa ntchafu ndi mapewa, zidzolo, kutsamwa kapena phuma, kufufuza kumapita patsogolo: kuyeza chithokomiro ndi HIV, kufunafuna ma antibody (asilikali a chitetezo cha m'thupi) oukira mwini wake monga anti-Jo-1, kuyeza mphamvu ya magetsi ya m'minofu ndi makina a EMG, kujambula ndi MRI, ndipo pomaliza kudula kachidutswa ka mnofu kuti kakaonedwe pa maikulosikopu. Magazi ayenera kutengedwa EMG isanachitike, chifukwa singano zake nazo zimakweza ma enzaimu. Zina mwa zimenezi zimafuna kutumizidwa ku zipatala zazikulu za kumwera kapena kunja, koma zambiri zimene zimatsogolera chiganizo cha dokotala zimachokera pa kumuona wodwala akudzuka pampando manja atapinda pachifuwa, akukweza mikono, ndi kuyang'ana khungu lake pa kuwala kwa dzuwa.

Palibe mankhwala, zakudya kapena zitsamba zotsitsa aldolase, ndipo amene akugulitsa zoterezo akungodya ndalama za odwala. Chimene chimachizidwa ndi matenda amene aikweza. Pa polymyositis ndi dermatomyositis, chithandizo chimayamba ndi prednisolone, kenaka amawonjezera methotrexate kapena azathioprine kuti prednisolone achepetsedwe. Popeza mankhwalawa amatsitsa chitetezo cha m'thupi, wodwala wa kuno amafunika kuyezedwa TB, HIV ndi hepatitis B asanayambe, ndipo mayi amene angatenge pakati ayenera kudziwa kuti methotrexate amawononga mwana wosabadwa. Chithandizo chikamagwira, aldolase ndi CK zimatsika milungu ingapo mphamvu zisanabwerere, ndipo matenda akafuna kuyambiranso zimatha kukwera munthu asanamve kusintha kulikonse, n'chifukwa chake zimayezedwa mobwerezabwereza, makamaka pa labotale imodzimodziyo kuti nambala zizifanizidwa bwino. Prednisolone akamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali nayenso amafooketsa ntchafu, koma iye sakweza ma enzaimu, choncho wodwala akayambanso kufooka aldolase ndi CK zili pa mlingo, dokotala amaganiza zochepetsa mankhwalawo m'malo mowawonjezera, ndipo amatero pang'onopang'ono chifukwa kusiya prednisolone mwadzidzidzi kungagwetse kuthamanga kwa magazi mpaka kuika moyo pachiswe.